Maphunziro a ukachenjede odutsa malire ku Mchinji

Maphunziro a ukachenjede odutsa malire ndi pamene wophunzira alembetsa ku yunivesite ya dziko lina, kaya posamukira komweko kapena pophunzira ali kwawo kudzera pa intaneti. Ku Mchinji nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa m'bomali mulibe likulu la yunivesite iliyonse ya boma, ndipo mzinda wa Chipata ku Zambia uli pafupi kuposa Lilongwe, komwe ndi mtunda wa makilomita oposa 100.

Mbiri

Mu 1997 mayiko a SADC adasainira ku Blantyre mgwirizano wa zamaphunziro, womwe udapempha mayunivesite kusungira ophunzira a mayiko ena a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 alionse. Mu Disembala 2022 atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegula chipata cha Mchinji-Mwami, pomwe apaulendo amadinditsa ziphaso za mayiko onse awiri pamalo amodzi. Sukulu zina zili mbali zonse ziwiri: Unicaf, yomwe imaphunzitsa kwambiri pa intaneti, ili ku Lilongwe ndi ku Lusaka, pomwe bungwe la DMI lili ndi yunivesite ku Malawi komanso nthambi ku Chipata.

Zovuta

Ophunzira ambiri amadalira foni ya m'manja, osati kompyuta. M'midzi ya m'malire foni ya TNM kapena Airtel nthawi zina imakoka netiweki ya ku Zambia, ndipo mayunitsi amatha msanga. Magetsi nawo ndi osadalirika. Namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo chilala cha 2024 chidachepetsa madzi ku Kariba mpaka ku Zambia magetsi ankazima maola ambiri patsiku.

Fizi yolipira m'madola kapena m'kwacha ya ku Zambia imakwera ndalama ya Malawi ikagwa, monga mu Novembala 2023 pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Vuto lopweteka koposa, lomwe ambiri amalizindikira mochedwa, ndi la kuvomerezeka kwa digiri. Kulembetsa pa intaneti n'kosavuta, koma sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pomwe maphunziro ena amene ikupereka sadavomerezedwe. Zikatero munthu amalipira zaka zinayi n'kukakanidwa pofunsira ntchito m'boma. Ku Malawi satifiketi zochokera kunja zimaunikidwa ndi National Council for Higher Education (NCHE), bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Ku Zambia mayunivesite amalembetsedwa ndi Higher Education Authority, ndipo satifiketi zakunja zimaunikidwa ndi Zambia Qualifications Authority.