Malamulo Obweza Akapolo Othawa ku America

Pamene nthumwi zinasonkhana mumzinda wa Philadelphia mu 1787 kuti zilembe malamulo oyendetsera dziko la United States, za ku South Carolina ndi ku Georgia zinanenetsa kuti zigawo zawo sizilowa m'chitaganya ngati ukapolo sutetezedwa. Pofuna kuti dziko lisagawikane lisanabadwe n'komwe, nthumwi zakumpoto ndi zakummwera zinalolerana pa mfundo zitatu: pogawa mipando ya m'Nyumba ya Malamulo, akapolo asanu aliwonse aziwerengedwa ngati anthu atatu ngakhale kuti sankavota, kuitanitsa akapolo kuchokera kunja kusaletsedwe chisanafike chaka cha 1808, ndipo kapolo wothawira m'chigawo china azibwezedwa kwa mbuye wake. Akapolo eniake, amene miyoyo yawo inali kukambidwa, analibe nthumwi yawoyawo pamsonkhanopo.

Mfundo yachitatuyo ndi imene inavuta kwambiri. Lamulo la mu 1793, limene Pulezidenti George Washington anasayina, linalola mbuye kugwira yekha munthu amene akuti ndi kapolo wake n'kupita naye kwa woweruza, ndipo popeza umboni wofunika unali wochepa, ngakhale anthu akuda amene anali mfulu ankabedwa n'kukagulitsidwa kummwera. Zigawo zina zakumpoto zinakhazikitsa malamulo awoawo oteteza anthuwa, koma pamlandu wa Prigg ndi Pennsylvania mu 1842, khoti lalikulu linagamula kuti mbuye ali ndi ufulu wogwira kapolo wake, ngakhale kuti zigawo sizingakakamizidwe kumuthandiza.

Mpata umenewu ndi umene akummwera anafuna kutseka pamgwirizano wa mu 1850, womwe andale Henry Clay ndi Stephen Douglas anatsogolera. Akumpoto anapindula poti California inalowa m'chitaganya yopanda ukapolo ndipo msika wa akapolo unatsekedwa mumzinda wa Washington, koma akummwera anapatsidwa lamulo lankhanza kuposa loyamba lija. Milandu ya othawa inaperekedwa kwa makomishonala, omwe anali akuluakulu a boma la chitaganya osankhidwa ndi makhoti, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kupereka umboni kapena kuweruzidwa ndi gulu la anthu wamba monga zinkachitikira pamilandu ina. Komishonala ankalandira madola 10 akapereka munthuyo kwa mbuye, koma madola 5 okha akamumasula. Olemba lamulolo ankati kusiyanaku n'chifukwa cha kuchuluka kwa zikalata zolemba, koma otsutsa ankaona kuti n'chiphuphu chosabisa. Wobisa kapolo akanalipira chindapusa chofika madola 1,000 ndiponso kukhala m'ndende miyezi 6, ndipo munthu aliyense akanalamulidwa kuthandiza nawo kusaka wothawa. Apa ndi pamene andale analakwitsa mawerengero, chifukwa mlimi kapena wamalonda wakumpoto, amene ankaona ukapolo ngati nkhani yakutali, tsopano anaupeza pakhomo pake.

Zimenezi zinaonekera poyera ku Boston mu 1854, pamene Anthony Burns, yemwe anathawa ku Virginia, anagwidwa. Anthu anayesa kuthyola chitseko cha khoti kuti amupulumutse, mlonda mmodzi anaphedwa, ndipo pa tsiku lomubweza asilikali anamuperekeza mpaka kudoko kudutsa m'misewu yodzaza khamu laukali, nyumba zina zitapachikidwa nsalu zakuda ngati pamaliro. Chaka chotsatira, anthu omufunira zabwino anamuwombola ndi madola 1,300. Anthu akuda masauzande ambiri, othawa ndi mfulu omwe, anali atasamukira kale ku Canada.

Akummwera, amene ankakonda kunena kuti chigawo chilichonse chizidzilamulira chokha, pankhani iyi ankafuna kuti boma la chitaganya likakamize zigawo zinzawo. South Carolina potuluka m'chitaganya mu December 1860 inatchula kukana kwa akumpoto kubweza akapolo monga chimodzi mwa zifukwa zake zazikulu. Malamulo onse awiri, la mu 1793 ndi la mu 1850, anafafanizidwa mu June 1864, nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa akumpoto ndi akummwera ili mkati, ndipo ukapolo unathetsedwa m'dziko lonselo mu December 1865.