Ngale si mwala

Ambiri tinayamba kumva mawu akuti ngale kutchalitchi, pa fanizo la wamalonda la pa Mateyu 13, ndiye ena amaganiza kuti ndi mwala wokumbidwa pansi ngati dayamondi. Ayi ndithu. Ngale imapangika m'kati mwa nkhono zina za m'madzi: kanthu kakalowa m'thupi mwake, nkhonoyo imakakuta pang'onopang'ono ndi timadzi timene timauma n'kumanyezimira. Mu 1893 Kokichi Mikimoto wa ku Japan anakwanitsa kupangitsa ngale polowetsa dala kanthuko, ndipo masiku ano ngale zambiri n'zochita kuweta.

Tsono mkwatibwi akavala mkanda woyera mbee m'khosi, musafulumire kunena kuti wavala ngale. Mikanda yambiri yapamsika ndi yapulasitiki. Ngale yeniyeni mukaikwecha pa dzino imamveka kukhakhala.