Anyezi

Anyezi (Allium cepa) ndi mbewu ya m'gulu la masamba pa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa m'Malawi. M'boma la Ntcheu amalimidwa m'madimba nyengo yachilimwe, ndipo amagulitsidwa ku Lizulu ndi ku Tsangano.

Mu magalamu 100 a anyezi wosaphika, pafupifupi magalamu 89 ndi madzi. Muli makalori 40 okha, vitamini C wokwana mamiligalamu 7, potaziyamu, ndi zakudya za tizilombo tothandiza ta m'matumbo. Quercetin, yemwe amateteza maselo a m'thupi, amachuluka m'zikamba zakunja, choncho mayi wosenda mozama mpaka mkati woyera amataya gawo labwino koposa. Chotsani khungu louma lokhalo basi. Misozi yotuluka pomudula imabwera chifukwa cha mpweya wokhala ndi salifa.

Kukazinga mpaka ade kumapha vitamini C. Pophika usipa kapena nyemba, muphike anyezi pang'ono ndi tomato, kapena muduledule waiwisi pambali. Ena amatupidwa naye. Anyezi sachiza shuga kapena BP. Odwala asasiye mankhwala akuchipatala.