Osula Zitsulo: Kwathu ndi ku Japan

Mlendo wofika ku Livingstone amathamangira kukaona mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya, umene unatha kumangidwa m'caka ca 1905. Zitsulo zace zinakonzedwa ku Darlington, m'dziko la England, ndipo zinabwera pa nyanja kufika ku Beira, ndi pa njanji kufika kuno. Ambiri a ife tikauona timaganiza kuti nzeru ya citsulo inadza ndi Azungu. Koma mbiri sinena comweco ai.

Ku Dambwa, pafupi ndi mzinda uno, akatswiri ofukula zakale anapeza mudzi wa anthu amene anali kusungunula citsulo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ndiponso m'caka ca 1960, anthu okumba malo a thanki la madzi pa Ingombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi, anapeza manda a anthu olemera. M'mandamo munali mikanda ya golidi ndi mitanda ya mkuwa, komanso nyundo, mbaniro ndi zida zokokera waya. Zina mwa izo zisungidwa m'nyumba ya zakale ya ku Livingstone, imene inayamba m'caka ca 1934.

Nchito ya makolo inali yotere. Anaumba ng'anjo ya dothi, naikamo miyala ya citsulo pamodzi ndi makala a mitengo yolimba, nasonkha moto usana ndi usiku. Mtanda wa citsulo ukaturuka, wosula anaufewetsa pa moto wa mvukuto, naumenya pa mwala kufikira ukhale khasu, nkhwangwa kapena mkondo. Khasu linali cuma, cifukwa pakati pa Atonga linalowa ngakhale pa cuma cokwatirira. Koma njanji itafika kuno m'caka ca 1904, makasu a m'sitoro anacuruka, ndipo munthu sanaonenso cifukwa covutikira ndi miyala. Pang'onopang'ono ng'anjo zinazima.

Tsono tiyeni tione za anthu a ku Japan, amene anakomana ndi bvuto lomweli. Ku Sanjo, m'cigawo ca Niigata, mitsinje inali kusefukira kawirikawiri ndi kuononga minda. Cotero m'zaka za m'ma 1600 alimi anayamba kusula misomali kuti apeze pogwira. Patapita nthawi misomali ya makina inafika kucokera ku maiko a Azungu, ndipo ya manja inasowa msika. M'caka ca 1876 Boma la dzikolo linaletsanso anthu kuyenda ndi malupanga, kotero kuti osula malupanga nawo anasowa nchito. Kodi anataya nyundo zao? Iai. Anatembenukira ku mipeni, masowo ndi zida zina zimene anthu anazifuna pa nthawiyo.

Mwa zida zimene amisiri a kumeneko akonza lero muli kacitsulo kosongoka koswera madzi oundana. Ogulitsa zakumwa m'mabala a ku Tokyo amasema nako madziwo kufikira akhale obulungira ngati mpira, kuti asasungunuke msanga m'tambula. Kanthu kameneka kaoneka kacabe, koma kali ndi luso lace. Nsonga ikafewa ipindika, ikaumitsitsa ithyoka. Cifukwa cace wosula amaiotca kufikira ipsye psuu, naibviika m'madzi kapena m'mafuta, ndi kuitenthanso pang'ono kuti ilimbe koma isakhale yophweka kuthyoka. Ndi nzeru imene mwana amaiphunzira poyang'ana manja a mkuru wace zaka zambiri.

Kwathu kuno luso silinatheretu. Pitani ku msika wa Maramba, mudzapeza mbaula, nkhwangwa ndi mipeni yopangidwa pa manja kucokera ku zitsulo zotayidwa. Cimene casowa ndi ulemu. Ine mwini ndimagwira colembera mu ofesi ya Boma, ndipo ndinakula ndi maganizo akuti munthu wakuda manja ndi makala ndiye wolephera sukulu. Tsopano ndiona kuti ndinalakwa, pakuti mipando ya ukalaliki ndi yowerengeka, koma khasu lifunika pa khomo liri lonse.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu, musacite manyazi kukhala pansi pafupi ndi mvukuto. Mudziwa kuwerenga, kuyesa ndi kulemba, zimene agogo athu sanazidziwe. Funsani okalamba akali moyo, mulembe zimene akuuzani, pakuti mau a akuruakuru akoma akagonera.