Dima ndi thangata ku Magomero

Kale munthu munda ukamukulira ankafulula mowa n'kuitana dima. Anthu ankalawira ndi makasu, kulima mpaka dzuwa lifike paliwombo, kenako n'kukhala pamthunzi chipanda chikuzungulira. Panalibe wolemba mayina, komabe aliyense ankadziwa amene watipula nthaka zenizeni, amene wangopalasa pamwamba, ndi amene watulukira nthawi yogawa mowa. Waulesi sankapita naye kubwalo. Ankangomusiya, ndipo tsiku la dima lake mowa unkasasa m'mbiya udzu uli chilili. Kwa ine, msana wa mwambowu unali pamenepa: mnzako akakudyera masuku pamutu, chaka chamawa unali ndi mphamvu yomukana.

Thangata inabwera mwa njira ina. Kuyambira 1892, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo, makamaka kumapiri a m'chigawo chakumwera. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero panafika Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ankapatsidwa pomanga ndi polima, iwo n'kubweza ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba. Imeneyi ndiyo thangata.

Kumenekonso anthu anali omwewo chaka ndi chaka, monga padima, koma wokhala ndi mphamvu yokana anali mmodzi yekha, mwini malo. Kapitawo akati ntchito ya tsikulo sinathe, tikiti ya wantchito sankachonga, ndipo tsikulo linkapita pachabe. Mwezi unkatalika choncho, ndiponso unkagwa m'dzinja, nthawi yomwe chimanga cha wantchitoyo chinkafuna kupalira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kukhulupirika kwa wantchito sikunkamupindulira kanthu. Akapirira chaka chino, mwini malo ankaona kuti chaka chamawa angathe kumufinya koposa. Akadandaula ankathamangitsidwa, ndipo akanalowera kuti, poti kwawo n'kumene anathawako?

Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anafika powotchetsa matchalitchi amene anthu a John Chilembwe anamanga pamalopo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anamupha m'nyumba mwake ku Magomero. Boma linafufuza chomwe chinautsa chipolowecho, ndipo madandaulo a thangata anamveka poyera, koma lamulo lolola anthu kulipira lendi ndi ndalama linadzakhazikika mu 1928. Ngakhale pamenepo eni malo anali adakali ndi mphamvu yothamangitsa mabanja, moti thangata inapitirira mpaka 1962.