Mbiri ya Ukalipentala m'Boma la Mzimba

Lero tikambirane za mpando umene mwakhalirawo ndi chitseko cha nyumba yanu, pakuti zinthu zimenezi zili ndi mbiri yake.

Kale makolo athu, Atumbuka ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa, analibe macheka kapena misomali. Zida zao zinali nkhwangwa, kasemasema ndi mpeni, zosulidwa ndi amisiri a m'mudzi momwemo. Ndi zida zimenezi ankasema mitondo, minsi, mipini, zipande, mitsamiro ndi timipando. Chinthu chilichonse chinkachokera ku chipika chimodzi, chopanda polumikiza. Zitseko zinali za bango kapena mapesi.

Ntchito yocheka ndi kupala matabwa inafika ndi amishoni a ku Scotland. M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws anayamba kumanga sukulu yaikulu ya Livingstonia pa Khondowe. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba za njerwa ndi kusindikiza mabuku, ndipo ankatha zaka zingapo asanatchedwe amisiri. M'chaka cha 1902 Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni, kumwera kwa boma lino. Tchalitchi, sukulu ndi chipatala zinafuna mitanda, zitseko, mazenera ndi mabenchi, motero anthu a kuno anaona ndi maso ao mmene mtengo usandukira thabwa.

Kachekedwe kake kanali kotere. Ankakumba dzenje lalitali, nagoneka chipika pamwamba pake. Ankalemba mizere ndi chingwe chonyika m'makala. Munthu mmodzi ankaima pamwamba, mnzake m'dzenje, nakokerana macheka aatali tsiku lonse. Matabwa ankawasanja pamthunzi, ndi timitengo pakati pao kuti mphepo idutse, kufikira atauma. Mmisiri wabwino sankadalira misomali yokha. Ankaboola thabwa lina ndi tchizulo, nasema nsonga ya linzake kuti ilowemo mothina. Ndicho chifukwa chake matebulo ena a masiku amenewo akali olimba.

Mitengo imene amisiri ankaikonda ndi mlombwa, mbawa ndi muwanga, chifukwa chiswe sichiidya msanga. Koma mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono. Boma litaona kuti ikuchepa, m'chaka cha 1926 linayambitsa nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi mafumu eni ake. Linapatulanso nkhalango zake, monga Chimaliro ndi Perekezi.

Pambuyo pake kunadza paini. Boma linayamba kubzala mitengoyi pa mapiri a Viphya, ku Chikangawa, ndipo kuyambira 1964 ntchitoyo inakula kwambiri, kufikira nkhalangoyo inakwana mahekitala 53,000. Cholinga chinali kumanga fakitale ya mapepala ku Chintheche, koma fakitaleyo siinamangidwe. Mitengoyo inasanduka ya matabwa, ndipo akalipentala a pa Mzimba, Jenda ndi Embangweni anazolowera paini, pakuti ngwofewa ndi wosavuta kupala. Koma moto wolusa ndi kudula kosabzalanso zinaononga mbali yaikulu ya nkhalangoyo.

Tsono phunziro lake nlotani? Amisiri tili nao, zida zilipo, koma mmisiri wopanda thabwa ali ngati mlimi wopanda mbeu. Mitengo ikatha, chitseko, goli la ng'ombe, ngolo ndi bokosi la maliro zidzakwera mtengo, ndipo wovutika ndi inu nomwe.

Inu mafumu, lamulo la nkhalango la 1997 likulolani kupatula nkhalango ya mudzi. Itanani anthu anu, muonetse malire ake, ndipo mulambule njira yotchinga moto udzu usanaumitse. Wofuna kudula mtengo wa matabwa ayambe wapempha. Inu alimi, polima musazule ziphukira za mlombwa ndi mbawa zimene mwazipeza m'munda. Nthambi yaikulu ya mlombwa mukaizika pansi mvula ili pafupi imaphuka, choncho ikani mpanda wa mlombwa pakhomo panu. Pogula thabwa, sankhani louma, pakuti laliwisi limapindika ndi kung'ambika.

Mlombwa umene mmisiri akupala lero unasiyidwa ndi agogo anu. Funsani alangizi a za nkhalango a kwanuko za mbande mvula isanagwe.