Voti imodzi yomwe inagwetsa boma

Usiku wa pa 28 Malichi 1979, aphungu a ku Britain atawerengedwa, 311 anati alibenso chikhulupiriro m'boma, 310 anati likhalebe. Phungu wina wa chipani cha Labour, Alfred Broughton, anali chigonere kudwala mwakayakaya, ndipo nduna yaikulu James Callaghan sanalole kuti amunyamule kudzavota. Boma linagwa. Pofika mwezi wa Meyi, mpando unali wa Margaret Thatcher.

Chaka chomwecho chisanathe, zinaonekanso ku Canada. Joe Clark, yemwe aphungu ake sankafika theka la nyumba, anabweretsa bajeti yokweza msonkho wa petulo. Pa 13 Disembala aphungu anaikana, mavoti 139 kwa 133, ndipo Clark anachoka atalamulira miyezi 9 yokha.

Ndiwo moyo wa boma la aphungu ochepa: mtsogoleri amagona khutu lili kunja. Chilichonse chomwe akufuna ayenera kuchita kupempha kwa anzake a zipani zina.

Anthu a ku America anatsata njira ina mu 1787. Pulezidenti anamupatsa zaka zake zodziwikiratu, nkumutchingira ndi malamulo olembedwa, makhoti komanso nyumba ziwiri za aphungu. Kumuchotsa nthawi isanakwane nkovuta kwambiri, moti mpaka lero nyumba ya Senate sinachotsepo pulezidenti ndi mmodzi yemwe.

Malawi mu 1994 inatapa uku ndi uku. Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu mwachindunji, koma nduna zake zambiri zimakhalanso aphungu. Mpanda wa malamulowo unayesedwa mu Julaye 2002, pamene bilu yoti pulezidenti wa nthawiyo, Bakili Muluzi, aimenso inaperewera mavoti atatu okha.

Koma mayeso enieni anadza mu Febuluwale 2005, Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF nkuyambitsa DPP. Dziko linapezeka ndi pulezidenti wopanda aphungu okwanira. Kukadakhala ku London kapena ku Ottawa, nkhani ikadatha madzulo amodzi. Kuno voti yotere kulibe, choncho a MCP ndi UDF anagwira zida zina. Anayesa zomuchotsa paudindo, mkangano womwe Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomokera m'nyumbamo mu Juni 2005 nkumwalira patapita masiku ochepa. Kenako anakakamira Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, loti phungu wosintha chipani ataye mpando. Mu 2007 anati bajeti sikambidwa Sipikala asanagamule za gawolo. Ophunzira ndi mabungwe anachita mbindikiro, ndipo bajetiyo inadutsa mu Seputembala, chaka cha boma chitayamba kale mu Julaye.

Chodabwitsa nchakuti ambiri amakumbukira zaka zaphokosozo ngati zaka zabwino za Bingu: makuponi a feteleza, chimanga chodzaza nkhokwe. Atapambana mu 2009, DPP ili ndi mipando yoposa 110 mwa 193, mabilu anayamba kungodutsa ngati madzi, mbendera inasinthidwa mu 2010, ndipo pa 20 Julaye 2011 apolisi anaombera anthu ochita zionetsero. Malamulo anali omwe aja. Zinasintha ndi nambala za m'nyumba.

Pamene aphungu analephera, nthawi zina anaimirira ndi majaji. Pa 3 Febuluwale 2020 asanu mwa iwo, atatetezedwa ndi asilikali, anakhala tsiku lonse ku Lilongwe akuwerenga chigamulo chofafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019.